Mfuti yakale pamvula: iti yopita nayo kudambo, iti yosiya m'kabati

Kugombe la The Wash, kum'mawa kwa England, mwezi wa Januwale kumacha mochedwa. Timafika kudakali mdima wa ndiweyani, n'kukwera chimtumbira chotchinga nyanja, kenako n'kutsikira m'matope amchere ofika m'mawondo kukabisala m'timakwawa timene madzi amasiya akaphwera. Mvula ya kuno si ya kwathu ija yobwera ndi ziphaliwali, kukhuthuka ola limodzi dzuwa n'kuwalanso. Ndi mvumbi, chiperoni cha ku Thyolo koma chozizira mpaka m'mafupa, chobwera cham'mbali ndi mphepo ya kunyanja. Pamene atsekwe ochokera ku Iceland akudzuka pamchenga kulowera kuminda, mfuti imakhala itanyowa kale maola awiri, zala zitachita dzanzi.

Ndimasonkhanitsa mfuti zakale zosakira mbalame, zija zomwaza timipira tambirimbiri nthawi imodzi, zimene ena kwathu amati chifefe, kuno amati shotgun. Ndili nazo zisanu ndi imodzi, ndipo yaing'ono pa zonsezo ili ndi zaka zoposa 50. Chidwichi chinayambira kutali. Malume anga ku Zomba anali ndi Greener ya mpope umodzi yothamangitsira nguluwe m'munda wa chimanga, ndipo dzinja lililonse ndinkawaona atakhala pakhonde akuipukuta ndi kansanza ka mafuta a makina osokera. Nditabwera ku Lincolnshire ndinayamba ndi ganyu wa Loweruka wovumbulutsa mbalame m'tchire kuti eni mfuti aziwomba. Patapita zaka ndinatenga chiphaso changa kupolisi, n'kulowa kalabu ya osaka abakha.

Anzanga ofuna kuyamba amandifunsa kawirikawiri kuti, kodi mfuti yakale n'kupita nayo pamvula? Kuno funsoli silizembeka. Nyengo ya abakha ndi atsekwe imayamba pa 1 Sepitembala n'kutha pa 31 Januwale kumtunda, pa 20 Febuluwale kugombe. Ya pheasant, mbalame ya kumtunda yonga nkhwali yaikulu, ndi 1 Okutobala mpaka 1 Febuluwale. Miyezi yonseyi ndi ya mvula, ndiye amene akudikira tsiku louma mfuti yake idzangokalambira m'kabati. Ine ndimati mupite nayo, koma osati iliyonse ndiponso osati kulikonse. Posankha musayambire pa dzina lolembedwa pampope. Dzifunseni ngati mungathe kuiumitsa yonse madzulo a tsiku lomwelo, komanso ngati ingalandire zipolopolo zimene lamulo likulola kumene mukupitako.

Pamene madzi amabisala

Pamene anthu ambiri amaopa si pamene pali ngozi. Madontho a pamwamba pa mpope alibe kanthu, kansalu kamodzi kachotsa. Mfuti ya mipope iwiri yogundizana ili ndi timizere tachitsulo, kena pamwamba kena pansi, tolumikiza mipopeyo, ndipo amisiri akale ankatimata ndi solder wofewa. Pakati pa mipope ndi timizereto pali mphako. Zaka zikapita solder uja amalekana ndi chitsulo penapake, mwina kampata kosalowa ngakhale singano, madzi n'kulowa osatulukanso. Dzimbiri limadya mpope pamalo pamene diso silifika, kunja mfuti ikuwala bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani mipope, muikoloweke pachala ndi kangowe kake kapansi, n'kuigogoda ndi pensulo. Yabwino imalira ngati belu, ngee, kwa kanthawi. Ikangoti phwa ngati mwagogoda mphika wong'aluka, pali polekana, ndipo mfuti imeneyo isaone mvula mpaka mmisiri ataimatanso.

Kenako pali thabwa. Mfuti zabwino za ku Britain zili ndi thabwa la walnut lopakidwa mafuta a linseed pang'onopang'ono kwa milungu yambiri, mpaka madzi amangoterereka pamwamba pake. Koma m'kati, pamene thabwa lakumana ndi chitsulo, nthawi zambiri mulibe chotchinga. Pamenepo limamwa madzi n'kufufuma, ndipo likafufuma limatha kupana kotsekera mfuti kuti isalire, kapena tokhethemulira. Ndinaonapo mfuti ikukana kulira m'mawa wachiwiri wa mvumbi popanda chothyoka chilichonse, thabwa lokha litapanikiza.

Musiyanitsenso madzi a mvula ndi madzi a kugombe. A mvula amakupatsani maola angapo. Amchere amayamba ntchito musanafike n'komwe pagalimoto.

Ine izi ndinaziphunzirira pa mfuti imene ndimaikonda kuposa zonse, ya tinyundo takunja, yopangidwa ku Birmingham m'ma 1890. Loweruka lina la Novembala ndinabwera nayo kuchokera kumunda nditatopa, ndinaipukuta pamwamba, n'kuibweza m'chikwama chake cha ubweya wa nkhosa m'kati, osazindikira kuti ubweyawo wamwa madzi. Ndinaitsekera m'kabati chomwecho. Lachiwiri nditatsegula, mipope yonse inali ndi timadontho tofiira ngati yawazidwa katondo, ndipo pansi pa kathabwa kakutsogolo panali dzimbiri lenileni. Zambiri zinachoka, koma timaenje titatu tilipo mpaka lero, ndipo chala changa chimatipeza nthawi iliyonse ndikaigwira. Mfuti imene inapirira zaka zoposa 100 m'manja mwa anthu ena, ine ndinaivulaza m'masiku atatu. Zimandiwawabe. Mvula ya kumunda sinalakwe kanthu, chinaononga ndi chikwama chonyowa chija.

Mtovu, chitsulo ndi zidindo

Mfuti zonsezi anazipangira timipira ta mtovu, wofewa komanso wolemera. Koma abakha amatola timipirati m'matope poyesa timiyala toperera chakudya m'nthutumba, n'kufa ndi poizoni wake. N'chifukwa chake ku England kuyambira 1999 n'koletsedwa kuwomba mtovu kugombe ndi m'madambo ena otetezedwa, komanso kuwombera nawo bakha kapena tsekwe kulikonse. Ku America analetsa kwa mbalame za m'madzi mu 1991, mayiko a European Union analetsa m'madambo mu 2023. Mu 2020 mabungwe a alenje, kuphatikizapo BASC, bungwe lalikulu la alenje kuno ku Britain, anapempha mamembala awo kuti asiye mtovu pasanathe zaka zisanu, ndipo mu 2025 boma la Britain linalengeza kuti liuletsa pafupifupi pa kusaka konse. Ine ndilibe nazo mkangano, mbalame zomwezi ndi zimene timadya ndi ana athu. Koma lamuloli lagawa mfuti zakale pawiri.

M'malo mwa mtovu muli timipira tachitsulo ndi ta bismuth. Tachitsulo n'topepuka, magalamu 7.8 pamene mtovu wa msinkhu womwewo ndi 11.3, ndipo n'tolimba, sitifinyika. Kukamwa kwa mpope amakuchepetsa pang'ono kuti timipira tituluke tili pamodzi, chimene amati choke. Mtovu ukafika pamenepo umagonja. Chitsulo sichigonja, ndipo mu mpope wopyapyala wokhala ndi choke yothina chimatha kusiya chotupa. Zipolopolo zachitsulo zili mitundu iwiri. Zamphamvu kwambiri, zolembedwa high performance, zimafuna mfuti yokhala ndi chidindo cha kaduwa ka fleur-de-lys, ndipo mfuti zakale zilibe. Zawamba, zolembedwa standard, timipira take sitiposa mamilimita 3.25 pa 12 bore (kukula kwa mpope kofala kwambiri), ndipo mfuti yakale yathanzi imatha kuzilandira, bola choke isapose theka la yothina kwambiri. Bismuth ndi wofewa ngati mtovu, sapweteka mpope uliwonse, koma mtengo wake umaposa wa chitsulo kangapo.

Kuti mudziwe kumene mfuti yanu yagwera, tembenuzani mipope muwerenge zidindo za pansi pake. Ku Britain kuli nyumba ziwiri zoyesera mfuti, ya ku London yomwe inayamba mu 1637 ndi ya ku Birmingham ya 1813, ndipo kugulitsa mfuti imene chidindo chake chinatha mphamvu ndi mlandu. Mukaona NP, BNP kapena mawu akuti NITRO PROOF, anaiyesa ndi wonga wamakono wopanda utsi. Mukaona NOT FOR BALL, ndi ya pakati pa 1875 ndi 1887, ya wonga wakuda pokhapokha ngati anaiyesanso pambuyo pake. Nthawi zambiri pomwepo mupezanso kutalika kwa malo olowa chipolopolo: mainchesi 2½, omwe ndi mamilimita 65, pa mfuti zambiri zakale za ku Britain, kapena 2¾, omwe ndi 70. Musaike chachitali m'malo aafupi ngakhale chitalowa. Koma chidindo chimangonena mmene mfuti inalili tsiku loyesedwa. Pakati apa wina anaipala m'kati pochotsa dzimbiri, mwina kawiri mwina katatu. Mmisiri wa mfuti ali ndi chipangizo choyezera kukhuthala kwa khoma la mpope, ndipo likatsika kufika pa theka la milimita, amisiri ambiri amati basi, yatha. Safunsa anadya phula: musagule musanayezetse.

Ya Damascus ndi tinyundo takunja

Iyi ndi imene imakopa aliyense woyamba kusonkhanitsa, ndipo sindimudzudzula. Mipope ya Damascus ankaipanga poluka timikwamba ta chitsulo chofewa ndi cholimba, kutipota, kutikulunga pandodo n'kutisula pamoto mpaka tigwirane. Zotsatira zake ndi maluwa opindikapindika ngati madzi a pamathithi, ndipo palibe mipope iwiri yofanana. Anthu ena amati yonse ndi yoopsa. Si zoona, yambiri inapambana mayeso a wonga wamakono ndipo ikulirabe.

Pamvula ili ndi ubwino wake. M'kati mulibe zambiri, maloko ake, tizitsulo toliza mfuti, amachoka mukamasula sikuluwu imodzi, ndipo mumaona ndi maso ngati yatcheredwa. Koma chala chachikulu chonyowa, chochita dzanzi, chimaterereka pakanyundo, makamaka pokabweza mbalame ikadutsa osawomba, ndipo apa m'pamene ngozi zimachitikira. Mtundu wofiirira wa mipope ija nawonso ndi dzimbiri loweta, lopyapyala, losachedwa kusanduka dzimbiri lolusa. Timipira tachitsulo ayi ndithu, kotero kudambo mukhala kapolo wa bismuth. Ikakhala ya wonga wakuda ntchito ndiye yawirikiza: mwaye wake umakoka chinyontho, muyenera kutsuka mipope ndi madzi otentha tsiku lomwelo, komanso kukakhala nkhungu utsi umangoima patsogolo panu, mbalame yachiwiri osaionanso. Yanga imatuluka kumunda kukakhala kamvula kowaza. Mchere sinauonepo ndipo sidzauona.

Zapamwamba za ku London

Izi ndi za makampani monga Purdey, imene inayamba mu 1814, Holland & Holland ya 1835, Boss ndi anzawo. Yatsopano lero imaposa mapaundi 100,000, ndipo yakale pamsika wokweza mitengo imadyabe masauzande. Ine ndilibe. Ndinazigwira pa ganyu wolongera mfuti bambo wina wachikulire amene anali ndi ziwiri zofanana, zosiyidwa ndi agogo awo. Tsiku lina mvula itakula ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi sitingazibweze m'galimoto, mutenge ina?" Anandiyankha kuti mfutizo zinaona mvula yambiri kuposa ife tonse awiri.

Ananena zoona. Mfuti zimenezi anazipangira mapiri a ku Yorkshire ndi Scotland kumene mvula siipempha chilolezo. Koma pali mbali ina imene anthu amaiwala: eni ake oyamba anali ndi antchito oziumitsa usiku womwewo, ndipo nyengo ikatha zinkabwerera kwa wopanga kuti azimasule zonse, azitsuke, azithire mafuta. Mtundu umenewu, wotchedwa sidelock, uli ndi maloko m'mbali, pa timbale tiwiri tachitsulo tolowa m'thabwa. Kuti malokowo akwane, thabwa amaligoba mpaka kutsala timakoma topyapyala. Ili yatsopano thabwa ndi chitsulo zimagwirana osasiya mpata. Patapita zaka 100 thabwa lauma, lanyala pang'ono, madzi apeza njira. Zina za Holland & Holland zili ndi kachogwirira pambali kochotsera maloko ndi manja okha, ndipo zimenezo kuumitsa kwake n'kosavuta. Zina zonse zimafuna sikuludiraiva yosulidwa mwapadera ndi dzanja lodziwa, apo ayi mukanda zojambula zimene mmisiri anasema miyezi. Mukakhala nayo, ndipo mukhoza kulipira mmisiri chaka ndi chaka, pitani nayo pamvula ya kumtunda mtima uli m'malo. Kugombe ayi.

Ya boxlock, imene ine ndimanyamula

Mu 1875 amisiri awiri a kampani ya Westley Richards ku Birmingham, William Anson ndi John Deeley, anapeza njira yoika zonse zoliza mfuti m'kati mwa kabokosi kachitsulo kamene mipope imakhalapo. Tizitsulo take n'towerengeka, mipata yolowera madzi ndi yochepa, ndipo thabwa limatsala lokhuthala pamene likufunika mphamvu. Kuyambira pamenepo Birmingham inapanga zoterezi zosawerengeka, za alimi, za alonda a nkhalango, za otumizidwa kumaiko akutali. Zinali mfuti zantchito, zopangidwira munthu amene adzaipukute yekha.

Pa zimene zimapezeka mosavuta lero, ziwiri ndimazikhulupirira. Webley & Scott 700 inapangidwa itangotha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo zambiri za zaka zomalizira zimalandira chipolopolo cha mamilimita 70. Ina ndi AYA ya ku Eibar, ku Spain, imene inatengera kapangidwe ka Angerezi n'kumagulitsa motsika: No. 4, No. 3 ndi Yeoman. Popeza anthu ambiri achita mantha ndi nkhani ya mtovu, mitengo yagwa, ndipo mapaundi mazana ochepa akupezerani yathanzi. Mmisiri akakuliza choke kufika pa kota mpope wakumanja ndi theka wakumanzere, yakonzeka kulandira zachitsulo zawamba.

Apa pali kusankha kwina kumene ambiri amakuphonya. Zina zimalavula makoko a zipolopolo zokha mukathyola mfuti, zina zimangowatukula kuti muchotse ndi zala. Pamsika yolavula ndiyo yodula. Pamatope ine ndimasankha yosalavula. Tisipuling'i tolavulira timakhala m'kathabwa kakutsogolo, pomwe madzi otsetsereka pamipope amathera, ndipo mchenga ukalowamo timayamba kusemphana. Komanso khoko lolavulidwa limagwera mamita awiri kumbuyo kwanu m'matope, mdima uli bii, pamene kalabu iliyonse imafuna kuti mutole onse. Tokhethemulira tiwiri n'tabwinonso kuposa kamodzi. Kamodzi ka mfuti zakale kali ndi tizitsulo tosakhwima tosagwirizana ndi kuzizira ndi litsiro, pamene tiwiri tili ngati mfuti ziwiri m'thupi limodzi: mbali ina ikakana, ina ilira. Chovuta chake n'chakuti magolovesi okhuthala sakwana pakati pake, ndiye ndimavala opyapyala odula chala cholozera.

Onaninso kulemera. W.W. Greener, mmisiri wa mfuti wa ku Birmingham, anasiya lamulo lakuti mfuti ilemere maulendo 96 kuposa timipira timene ikuponya. Pa magalamu 28 ndiye makilogalamu 2.7, pa magalamu 36 ndi pafupifupi 3.5. Mfuti yopepuka yopangidwira nkhwali mukaidyetsa zipolopolo za atsekwe imakumenyani phewa, nayonso imayamba kugwedera polumikizira. Yanga ndi AYA No. 3 ya kumayambiriro kwa m'ma 1970, yopanda zojambula zambiri, thabwa lake lili ndi zipsera za mwini wake woyamba. Ndi imeneyi ndimavomera malire: ndimawomba mbalame imene yabwera m'kati mwa mamita 30 kapena kuposerapo pang'ono, ya m'mwamba ndimaisiya ipite. Kuvulaza tsekwe n'kukafera kutali ndi chinthu chimene mlenje aliyense ayenera kuchita nacho manyazi, ndipo timipira tachitsulo, popeza n'topepuka, timatha mphamvu msanga kuposa mtovu.

Ndisaiwale Westley Richards ina ya 1897, imene maloko ake amatuluka pansi mukatsegula kachitseko, n'kuwapukuta ali m'manja. Pa nkhani ya mvula palibe kapangidwe koposa apa, koma mtengo wake ndi wa gulu la ku London lija.

Zolemera za kugombe ndi zina

Pali mfuti zakale zimene anapangira matope enieniwo: AYA No. 3 Magnum, Greener Empire, ndi zina za BSA, zolandira chipolopolo cha mainchesi 3, zolemera, za makoma okhuthala. N'zabwino kwambiri, koma chenjerani pawiri. Zambiri zili ndi choke yothina mipope yonse chifukwa anazipangira mtovu ndi mbalame zakutali, ndiye ziyenera kukulitsidwa. Ndipo malo a mainchesi 3 si chilolezo choikamo zachitsulo zamphamvu zija. Mutha kuitumiza ku nyumba yoyesera kuti ailembe kaduwa, koma mukudziwa kuti ikalephera mayeso mwina sibwerako yamoyo. Zikuluzikulu za 8 bore ndi 10 bore, monga za J. & W. Tolley, ndi dziko lina, la anthu odzilongera okha zipolopolo. Woyamba kumene asayambire kumeneko.

Greener GP, mtundu wa malume anga uja, ndi ya mpope umodzi, yotsegula ndi chogwirira chapansi ngati mfuti zakale za asilikali za Martini. Ilibe timizere tomata, ndiye vuto la mphako lija palibe, ndipo kulimba kwake n'kosakayikitsa. Koma ndi kuwomba kamodzi, ndipo bakha wovulala amafuna chachiwiri msanga.

Browning Auto-5, ya linunda kumbuyo, imene John Moses Browning anaipanga ndipo fakitale ya FN ku Herstal, Belgium, inayamba kuitulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inapha abakha ochuluka ku America m'nyengo zoipitsitsa. Mpope ndi umodzi, umachoka mosavuta, mvula siisamala. Zondiletsa ndi izi: kampani ya Browning yomwe imalangiza kuti za ku Belgium zisawombe timipira tachitsulo, kuno iyenera kutsekedwa kuti isatenge zipolopolo zoposa zitatu, ndipo bokosi lake likamwa matope kulimasula lonse ndi ntchito ya mmisiri. Simungaithyolenso n'kusuzumira m'mpope mwachangu ngati ya mipope iwiri. Baikal za ku Izhevsk za nthawi ya Soviet Union, zambiri zokutidwa chrome m'kati mwa mipope, n'zosakongola, zolimba potsegula, zotsika mtengo kwambiri, ndipo dzimbiri la m'kati silizipeza msanga. Wofuna mfuti yakale yosadandaula nayo pamchere, iyi ndi yake.

Njira yomaliza ndiyo kusiya zakale zonse kunyumba. Ambiri m'kalabu mwathu amanyamula zamakono za thupi lapulasitiki, zokhala ndi kaduwa kaja, zoti akafika kunyumba amangotsuka. Kwa munthu wofuna atsekwe a m'mwamba sabata ndi sabata, kumeneku ndiye kusankha kwanzeru, ndipo sindingamunyoze. Ine ndimakhalabe ndi yakale chifukwa chimene ndimapitira kugombe si kuchuluka kwa nyama, ndipo kugwira chinthu chimene mmisiri anapala ndi tupa ndi manja ake ndi mbali ya ulendowo.

Zipolopolo, ndi ntchito ya madzulo

Zipolopolo za makoko apepala zimanunkhira bwino ndipo zimayenerana ndi mfuti yakale, koma zikanyowa zimafufuma, kukana kulowa, kapena choipa kwambiri kukana kutuluka. Pamvula tengani zapulasitiki n'kutola makoko. Zachitsulo zimakhala ndi kakapu kotchinga timipira kuti tisakande mpope, ndipo ena mwa makapu atsopano amapangidwa kuti azisungunuka m'madzi, kotero musazisiye m'thumba lonyowa mpaka sabata yamawa. Ndipo mukaterereka, ngakhale mukuona ngati mfuti sinakhudze pansi, ithyoleni, chotsani zipolopolo, suzumirani mipope yonse iwiri. Kadothi kochepa kotseka kukamwa n'kokwanira kung'amba mpope pafupi ndi dzanja lanu lamanzere.

Usiku woti mawa ndikupita, ndimapaka phula lopyapyala pathabwa ndi pazitsulo, osaiwala pansi pa kathabwa kakutsogolo. Mafuta amatsukika ndi mvula, phula limakhala. Popita kumchere ndimawonjezera Vaseline pang'ono pamipope, monga ankachitira alenje akale a kuno.

Pobwera, mfuti siilowanso m'chikwama chonyowa. Ndimaipukuta pagalimoto pomwepo n'kuiika m'chikwama china chouma. Kunyumba, galu akadya, ine ndisanadye, ndimaigawa patatu: mipope, kathabwa kakutsogolo, ndi thako pamodzi ndi bokosi lake. Ngati yachokera kugombe, mipope ndimayamba kuipukuta ndi kansalu ka madzi abwino ofunda kuti mchere uchoke, chifukwa mafuta opaka pamwamba pa mchere amangoufundika. Kenako kapepala kopinda ndimakayendetsa m'mbali mwa timizere tija, kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa, ndipo nthawi zonse kamatuluka konyowa ngakhale mfuti ikuoneka youma. Totukulira makoko ndimatisolola n'kupukuta kuseri kwake. Matope a m'timizere togwirira pathabwa amachoka ndi mswachi wakale. Zidutswa zitatuzo zimakhala patebulo, ine ndili pomwepo, m'chipinda chofunda pang'ono, kutali ndi chotenthetsera nyumba, chifukwa thabwa louma mofulumira limang'aluka. Pakapita maola awiri kapena atatu ndimatsuka m'kati mwa mipope, kupaka mafuta ochepa, n'kuiimika m'kabati kukamwa kuli pansi, kuti mafuta ndi madzi otsala asatsikire m'thabwa n'kulifewetsa.

Mawa lake ndisanapite kuntchito ndimatsegulanso kabati n'kuyendetsanso kapepala kaja, ndipo tsiku lachitatu chimodzimodzi. Loweruka likubwerali madzi adzaphwera cha m'ma 6 koloko m'mawa, a zanyengo akuti kudzakhala mphepo ya kumpoto ndi mvula. AYA ndaipaka kale phula, ya tinyundo ija itsala.